Katoni ya Lachinayi

Mabuku atsopano ankafika ku laibulale ija kamodzi pa chaka, chilimwe chikangoyamba kuluma, ndipo tsiku limenelo Mayi Chikuto sankadya nkhomaliro. Galimoto yobweretsa mabukuwo isanazime n'komwe, iwo ankakhala ataima kale pa khomo lakumbuyo, kampeni kali m'manja. Munthu woti zaka makumi asanu ndi limodzi zikumusuzumira, wa mawondo olira akamakwera masitepe, ankagwada pa simenti n'kumatumbula makatoni ngati kuti wina abwera kudzawalanda. Mabuku a sukulu, a malamulo ndi a zaulimi ankawaika pambali mwaulemu, monga mmene munthu amaperekera moni kwa apongozi. Chimene ankasaka chinali china: mabuku a nthano, makamaka aja amene pa laibulalepo ankawatcha osagonetsa tulo.

Musaganize za mfuti ndi magalimoto othamangitsana. Zimenezo Mayi Chikuto ankati n'za ana. M'mabuku osagonetsa tulo mdani amakhala m'nyumba momwemo. Ndi mwamuna amene amakupangira tiyi m'mawa uliwonse, kapena mnzako woyandikana naye nyumba amene umamusungitsa kiyi. Nthawi zina ndi mwini nkhani yemweyo, amene wakhala akukunamiza kuyambira tsamba loyamba, iwe n'kumamumvera chisoni ngati mbale wako.

Matendawa sanali a iwo okha. Mnzawo wa pa kauntala, bambo wamtali wa dazi, analinso nawo. Ameneyo ankatchedwa a Chidindo, chifukwa akamadinda deti m'buku ankamenya mpaka madala owerenga nyuzipepala pa tebulo lalitali kudzidzimuka. Tsiku la makatoni awiriwa ankakangana ngati ana a mimba imodzi.

"Ili la chitseko chofiira ndayamba kuligwira ndine."

"Kugwira si kuwerenga, achimwene. Inu buku limodzi mumatha nalo sabata, ngati mukulisenda."

"Ine ndimatafuna, mayi. Inu mumangomeza."

"Bweretsani kuno, mudzatafuna Lolemba."

Dzina loti Chikuto analipezera pa ntchito pomwepo. Bambo awo ankafuna kuti adzakhale namwino, ndipo anayesadi, koma sabata yachiwiri anakomoka ataona bala la munthu, odwala n'kuyamba kukupiza iwo. Azakhali awo ndi amene anawapezera ganyu ya miyezi itatu yokuta mabuku ndi pulasitiki. Mnzawo wa pa tebulo lomwelo ankakuta makumi anayi pa tsiku, iwo asanu ndi limodzi. Abwana a nthawi imeneyo atafufuza anapeza kuti mtsikanayo ankayamba waliwerenga buku asanalikute. M'malo momuchotsa ntchito anamuika pa kauntala, nati munthu wotere ndi bwino azikavutitsa obwereka. Miyezi itatu ija inasanduka zaka makumi atatu ndi zinayi.

Anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, munthu wofatsa amene sanamalizepo buku chibadwire. Komabe mapeto a mabuku onse ankawadziwa, chifukwa iye yekha ndi amene akazi ake ankamuululira, akusita zovala Lamlungu masana. Ana awo atatu anakula, nachoka, popanda ndi mmodzi yemwe wotengera amayi ake.

"Ine m'nyumba muno ndimayenda chonyang'ama," bamboyo ankauza anawo. "Ndikangogula fosholo, amayi anu amayamba kuzungulira kuseri kwa nyumba kuona ngati ndakumba."

Pa ntchito Mayi Chikuto anali ndi lamulo limodzi, lodziikira okha: sankapatsa munthu buku limene iwo sanaliwerenge. Mawu a kumbuyo kwa chikuto sankawawerengera. Ankati amenewo amalemba ndi ogulitsa, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Buku lililonse latsopano linkayamba ladutsa m'chikwama mwawo, m'basi ya m'mawa ndi ya madzulo, kenako ankalilembera kakhadi ndi dzanja n'kukamata pa shelefu. Makhadiwo anali afupiafupi. "Musaliyambe mphika uli pamoto." "Mukamaliza ili mukasintha loko." "Wolemba uyu amanama bwino kuposa alamu anu." Anthu ena ankabwera kudzangowerenga makhadiwo, n'kutuluka akuseka, osabwereka kanthu.

Koma ntchito yeniyeni sinali pa makhadi. Munthu akakhala pa kauntala imodzi zaka zonsezo amadziwa mabala a anthu popanda kufunsa. Mayi Chikuto ankadziwa amene banja lake likugwedera, amene waika kumene mwamuna, amene ali ndi mwana ku ndende. Ankadziwa buku loyenera munthu aliyense, koma kunyada kwawo kunali pa kudziwa buku losamuyenera. Ndipo mwa onsewo, amene ankamusamala kwambiri anali Mayi Telala.

Mayi Telala anali ndi shopu yosokera misewu iwiri kuchokera pa laibulale, pakati pa ometa ndi ogulitsa utoto. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo mwana wawo wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anatuluka m'mawa kupita ku ntchito atatenga ambulera ndi kontena ya chakudya. Ku ntchito sanafike, kunyumba sanabwerere. Apolisi anafunsa mafunso awo, zithunzi zinamatidwa pa mapolo a magetsi mpaka kufufuta ndi dzuwa, koma palibe chinapezeka, ngakhale ambulera. Mayiyo anatseka shopu n'kudzitsekera m'nyumba zaka ziwiri.

Ku laibulale anafika koyamba kudzachita fotokope chithunzi cha mwanayo, chifukwa zakale zinali zitatha. Linali Lachinayi. Makina anatafuna pepala monga mwa chizolowezi chawo, a Chidindo n'kugwada kuwatsegula m'mimba, mayiyo ataima phee, manja kumbuyo. Pepani anali atamunena kale anthu onse mpaka kutha mchere. Ndiye Mayi Chikuto anangotenga buku lina la mwamuna wothira mankhwala mu tiyi wa mkazi wake, nalikankhira pa kauntala. Lachinayi lotsatira Mayi Telala anabwera nalo, nati mawu amodzi okha: "Lina."

Kuyambira pamenepo sanajombe Lachinayi, teni koloko. Patatha miyezi ingapo anatsegulanso shopu, ndipo anayamba kubwera tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atabaya pa bulauzi. Mayi Chikuto sananene kwa munthu, koma mumtima ankakhulupirira kuti ndi iwo amene anamukoka mayiyo m'nyumba muja, ndiponso kuti anamukoka ndi ulusi umodzi. Ulusiwo utaduka, mayiyo akanabwerera kuseri kwa makatani, ndipo kachiwiri sakanatulukanso.

Vuto linali loti olemba mabuku osagonetsa tulo amakonda kusowetsa atsikana. Pa mabuku atatu aliwonse, limodzi mumapeza mtsikana watuluka m'mawa osabwerera. Choncho buku lililonse lotero Mayi Chikuto ankaliika kadontho ka pensulo m'kati mwa chikuto. Lachinayi lililonse, teni isanakwane, ankayenda m'mashelefu kuzula onse a kadontho, kuwalongedza m'katoni, n'kuikankhira pansi pa kauntala. Lachisanu m'mawa ankawabwezera. Poyamba anali mabuku asanu. Patatha zaka zisanu ndi zinayi katoni inali ya firiji yodulidwa pakati, yoti munthu akakhala pa kauntala mawondo ankagunda. A Chidindo ankathandiza kunyamula uku akudandaula msana. Za mwana uja amayi awiriwa sanakambepo ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chimene tikunenachi, maso a Mayi Chikuto anayamba kuwakana. Zilembo zinkasungunuka, mizere n'kumakwerana, ndipo dzuwa likawala pa tsamba ankangoona utsi. Dokotala wa maso anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Iwo anati abwera mabuku atsopano akadutsa. Amuna awo anayesa kulankhula, koma anangodzitopetsa. Ku ntchito sanauze aliyense. Anagula kagalasi kokuzira zilembo n'kumakabisa m'chikwama ngati fodya.

Makatoni atafika, osagonetsa tulo analipo makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, chaka chabwino kuposa zonse. Kale akanawapsereza m'mwezi umodzi. Tsopano tsamba limodzi linkawatengera nthawi yophika tiyi, mutu n'kuyamba kugunda. Masabata atatu anatha atawerenga anayi okha. Shelefu ya zatsopano inali yasa, anthu akufunsa tsiku ndi tsiku, abwana nawonso akudutsa n'kumaiyang'ana ndi diso lija la mabwana. Fani ya kudenga inkalira, thukuta likutsika m'khosi, mulu wa mabuku uli ndwii pa tebulo lakumbuyo.

Ndiye anachita chimene anakhala akunyoza moyo wawo wonse. Ankatenga buku, kuwerenga mawu a ogulitsa kumbuyo kuja, kuwerenga mutu woyamba, n'kulemba kakhadi. Manyazi ankawagwira ndithu, koma makhadi ankatuluka okoma ngati kale, ndipo palibe anadziwa. Ku mapeto kokha sankasuzumira. Akanatha kutero kuti atsimikize, koma mtima unkakana. Mabuku amenewa ankafuna kudzawawerenga bwinobwino maso akadzakonzedwa, ndipo sakanalola kudzionongera okha.

Limodzi mwa mabukuwo linali la chikuto chachikasu, pojambulidwa masitepe ndi sutikesi. Kumbuyo analemba za mayi wamasiye amene walandira mlendo wochita lendi chipinda, mlendoyo n'kumadziwa za m'nyumbamo kuposa mmene ayenera kudziwira. Za mtsikana panalibe. M'mutu woyamba munalinso mayiyo, mlendo ndi mphaka basi. Mayi Chikuto analemba kuti, "Kiyi wapadera musamapatse aliyense," namata.

Lachinayi limenelo a Chidindo kunalibe, anapita kukazulitsa dzino. Teni koloko Mayi Telala analowa akudzikupiza ndi kansalu.

"Kunjaku kwaotcha. Mwandisungira chiyani chaka chino?"

"Ili. Simusoka sabata ino, ndikuuziranitu."

"Mwaliwerenga?"

Funsoli ankafunsa nthawi zonse, mwa chizolowezi chabe, ngati moni. Mayi Chikuto anaseka.

"Kodi ine ndinakupatsanipo losawerenga?"

Anadinda deti, mayiyo naika buku m'thumba la nsalu zodula, natuluka.

Lachisanu m'mawa akubwezera mabuku a m'katoni m'mashelefu, a Chidindo, tsaya litatupa, anayamba kufunafuna.

"Lachikasu lija lili kuti? M'katonimu mulibe."

"Lilowemo bwanji? Labwerekedwa."

"Ndi ndani?"

"Mayi Telala."

A Chidindo anaika mabuku amene ananyamula pa mpando, pang'onopang'ono, ngati mazira.

"Mayi, mwaliwerenga buku limene lija?"

Mayi Chikuto anapukusa mutu.

"Ine ndinapita nalo Loweruka," anatero a Chidindo. "Pobweza ndinaona kakhadi kanu, ndiye ndinati mwamaliza, kadontho muika nokha. Pa mutu wachisanu ndi chinayi mlendo uja amatsegula chipinda chokhoma cha m'mwamba. Ndi cha mwana wamkazi wa mayi wamasiye uja. Anatuluka m'mawa kupita ku ntchito, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Kuchokera pamenepo buku lonse ndi zimenezo basi."

Mayi Chikuto anagwira shelefu, nakhala pa kasitulu koimapo poika mabuku m'mwamba.

"Ndikuuzeni mmene limathera?" anafunsa a Chidindo.

"Ayi!"

Mawuwo anatuluka okha, mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, ndipo atangotuluka manyazi anawonjezeka. Munthu wamubaya mnzake pa bala, koma akudzisungirabe mapeto. Tsiku lomwelo anaulula za maso. A Chidindo sananyoze, anangoti akhala akuona kagalasi kaja kwa mwezi wathunthu, koma ankadikira mwini wake anene.

Loweruka laibulale inkatseka masana. Mayi Chikuto anapita molunjika ku shopu, atakonza bodza loti bukulo lili ndi masamba osokonekera, akulifuna ku ofesi. Mwina mayiyo anali asanafike pa mutu wachisanu ndi chinayi. Anapeza chitseko chachitsulo chili chotseka, loko wamkulu akulendewera, zidole ziwiri pa windo zitavala madiresi osamaliza. Wometa wa pafupi anatulutsa mutu.

"Chitsekereni dzulo, amayi. Anthu abwera kudzatenga zovala zawo, abwerera. Foni sakuyankha."

Laibulale imasunga keyala ya wobwereka aliyense, ndipo iwo anali atailemba pa kapepala. Anayenda dzuwa lili paliwombo mpaka pa geti ya kanyumba ka mpanda wa maluwa ouma. Mawindo onse anali otseka, makatani atakokedwa, kutentha konseko. Anakweza dzanja kuti agogode, koma linaima m'malere. Akanati chiyani? Kupempha bukulo kunali kutchula chimene chili m'bukumo, ndipo chimenecho anakhala akuchizemba zaka zisanu ndi zinayi. Anaima pamenepo mpaka galu wa nyumba ina anatopa kuuwa, kenako anabwerera.

Lamlungu anasita zovala osalankhula. Amuna awo, ozolowera kumva za anthu ophana, anadabwa ndi bata, ndipo atamva nkhani yonse anakanda m'mutu.

"Madzi akatayika saoleka, mayi. Koma maso okhawo akanakonzeka."

"Ndikudziwa."

"Ndangonena."

Masiku atatu otsatira Mayi Chikuto anagwira ntchito ngati wobwereka thupi. Anachotsa makhadi onse abodza, makumi awiri ndi awiri, n'kuwang'amba. Lachiwiri anadzeranso ku shopu kuja, loko ali pomwepo. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali amodzi: kuti mayi uja wabwerera m'nyumba, ndipo amene wamubwezeramo ndi iwo, ndi dzanja lawo lomwe, ndi chidindo cha deti pamwamba.

Lachinayi linafika. Teni isanakwane anayenda m'mashelefu kuzula mabuku a kadontho, poti manja anali atazolowera. Teni inakwana, chitseko chinalira, koma anali dala wa nyuzipepala. Khumi ndi imodzi inadutsa. Masana ana a sukulu anadzaza matebulo, nachoka. Nthawi iliyonse chitseko chikalira ankadzutsa mutu, ngakhale kuti pa mtunda umenewo ankangoona chithunzithunzi cha munthu. A Chidindo tsiku limenelo ankadinda mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana.

Kutatsala theka la ola kuti atseke, Mayi Telala analowa. M'khosi munalibe tepi. Atafika pafupi, Mayi Chikuto anaona kuti nkhope yagwa, zikope zatupa. Mayiyo anatulutsa buku lachikasu naliika pa kauntala.

Mawu onse amene Mayi Chikuto anakonza sabata yathunthu anabalalika.

"Mayi, ndinakulakwirani."

"Simunaliwerenge."

"Sindinaliwerenge."

"Ndinadziwa nditangofika pa chipinda chija. Ndinati mayi aja akanaliwerenga ili sakanandipatsa. Likanakhala pansi apo."

Analoza ndi chibwano pansi pa kauntala. A Chidindo, amene anali pafupi, mwadzidzidzi anakumbukira kuti mawindo akumbuyo sanatseke.

"Pansi pati?" anafunsa Mayi Chikuto.

"Musandiyese mwana. Ine ntchito yanga ndi kuyeza. Shelefu iyo Lachinayi imakhala ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Tsiku lina ndinalowa Lachiwiri kudzathawa dzuwa, inu muli ku msonkhano, ndinaipeza yodzaza. Ndinatenga limodzi kuwerenga kumbuyo, ndinatenga lina, ndinatenganso lina. Ndinamva."

"Liti limenelo?"

"Papita zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndikanati chiyani? Munthu akukufunditsa bulangete mwachikondi, ungamuuze kuti ukumva kutentha?"

Mayi Chikuto anaganiza za Lachinayi lililonse la zaka zimenezo, msana wa a Chidindo, mawondo awo ogunda katoni, ndi kunyada kwawo kuja. Manyazi anawafika mpaka m'makutu.

"Ndisaname," anapitiriza Mayi Telala, "Lachisanu ndinaliponya ku khoma. Ndinakutukwanani mayina onse amene ndimawadziwa, ena ndinapeka. Ndinalumbira kuti muno sindidzapondamonso. Loweruka ndinakuonani pa geti, ndinali kuseri kwa katani, ndipo mukanagogoda sindikanatsegula. Munandinamiza, mayi. Ndinakufunsani, inu n'kuseka."

"Ndinanama. Maso anga..."

"Za maso tikamba. Lamlungu ndinalitola. Mukudziwa mmene alili mabuku anuwa, munthu sungalisiye pakati ngakhale likukupha."

Anaika dzanja pa bukulo, nalisisita ngati akuwongola nsalu.

"Muli malo ena m'menemu. Mayi uja akutsuka mbale, ndiye akunena mumtima kuti, bola akanangondibweretsera mtembo, ndiike, ndipume. Akangotero akudzida, akulephera kudya. Ine mawu amenewo ndakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkadziyesa mfiti, mayi wofunira mwana wake imfa. Sindinauzepo munthu, ngakhale achemwali anga a bere limodzi. Ndiye ndikupeza kuti munthu wina kutali uko analemba zomwezo, anthu n'kusindikiza, inu n'kukuta ndi pulasitiki. Ndinalira masiku atatu. Koma Lachiwiri ndinagona mpaka dzuwa kulowa m'chipinda, chimene sindinachitepo chichokereni iye."

Mayi Chikuto anafuna kunena kanthu, koma mayiyo anakweza dzanja.

"Anthu nonse mwandisamala bwino, ndikuthokoza. Achemwali anga akamakamba za ana awo, ine ndikalowa amasintha nkhani. Makasitomala anasiya kubwera ndi ana awo aakazi kudzayezetsa, amangobweretsa diresi lakale kuti ndiyezerepo. Inu ndi katoni yanu. Mwandisamala mpaka mwana wanga wasowa kachiwiri. Palibe amamutchula. Zikukhala ngati sindinabereke."

Fani inkalirabe kudenga. Dala womaliza anapinda nyuzipepala, nakokera mpando, natuluka. Mayi Chikuto analira, osabisa, misozi ikugwera pa kaundula wa obwereka. Zaka zisanu ndi zinayi anawerenga mabuku mazanamazana pofuna kudziwa choti abise kwa mayiyu, koma mayi mwini wakeyo sanamufunsepo kalikonse.

"Tulutsani," anatero Mayi Telala.

Katoni inali yolemera, ndipo anachita kuikoka awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, mpaka inatulukira poyera. Mayi Telala anagwada, nayamba kutembenuza mabuku limodzilimodzi ngati akusankha nsalu. Anapatula awiri.

"Awa munawerenga?"

"A m'menemu onse ndinawerenga, maso akadali maso."

"Kachotsetseni ng'alayo. Ine anandichotsa chaka chatha, lero ulusi ndimalowetsa m'singano kamodzi. Mukuopa chiyani, munthu wowerenga zophana tsiku ndi tsiku?"

Mayi Chikuto anapukuta nkhope, nayandikitsa chidindo pa mphuno kuti aone deti, nadinda mabuku awiriwo. Kenako anagwira lachikasu lija.

"Kodi amamupeza?"

"Mukawerenge nokha."

Mayiyo anaika mabuku m'thumba, koma sananyamuke. Nthawi yotseka inali itakwana. Mayi Chikuto anadziwa kuti akapanda kufunsa tsopano sadzafunsanso.

"Nanga wanu uja, mayi. Anali mwana wotani?"

Mayi Telala anakokera kasitulu kaja, nakhala pansi, thumba lili pa miyendo.

"Wamanzere," anatero. "Anandiwonongera masizasi atatu, ati ndi masizasiwo opusa. Ndiye kuuma mutu! Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anadula katani wa pa balaza kuti asokere chidole chake diresi, ine ndikumukalipira iye n'kumandifunsa ngati mpendero wakhota."

Anaseka, kuseka kosweka pakati, napitiriza. A Chidindo anabwera ndi makiyi, naona mmene zinalili. Anakhoma chitseko cha kutsogolo, nawasiyira makiyiwo pa kauntala, natulukira khomo lakumbuyo.